Mpweya Umene Anakana Kuudula

Chipinda nambala 14, ku Grimsby,
thu koloko ya usiku, belu lalira.
A Clifford sanagwe, safunanso madzi.
Akufuna chimbale chija,
chakuda, chokandikakandika ngati miyendo ya mwana wosadzola.
Manja awo amanjenjemera, singano sangaigwirenso,
ndiye ndiwaikira ine.

Chiyamba ndi kuthetheka
ngati chimanga m'chiwaya.
Kenako piyano, yokhayokha,
ikuyenda monyang'ama
ngati wofika mochedwa pa siwa
wosafuna kuponda ogona.

"Tamvera apa," atero, chala m'mwamba.
Woimba asanatulutse liwu
akoka kampweya, kochepa,
ka munthu amene wafika pakhomo koma akuopa kuodira.
"Mabwana ankati tikadule. Ine ndinakana."
Dzina lawo lili kuseri kwa chikuto,
tilembo tating'ono ngati nyerere:
ndi iwo ankapotokola timabatani m'situdiyo.

Nyimboyi ine ndinaidziwa kalekale.
Inkalira m'golosale ya a Chimtengo pa Lunzu,
mabatire a wailesi atawayanika kaye padzuwa.
Mawu ake tinkawatafuna ngati nzimbe,
kumeza madzi, tanthauzo n'kulavula.
Sindinkadziwa kuti pali anthu anaiumba.
Ndinkayesa inangodzimerera.

Ng'oma zichedwa dala.
Ndime yonse yoyamba mtima ulendewera wopanda pogwira,
besi yokha ikuyenda pansipansi
ngati madzi pansi pa mlatho.
Zikagwa ng'omazo, zigwa zonse, phii!
mpaka kapu ya mano pa tebulo igwedezeka.
Akuti sipika anakaiika pansi pa masitepe
m'nyumba yakale younikiramo nsomba,
maikolofoni pamwamba,
kuti kulira kwa ng'oma kukwere masitepe onsewo
n'kubwerako kutavala jekete.

Ndipo mnyamatayo anaimba kawiri,
mawu pamwamba pa mawu ake omwe.
"Chifukwa chiyani?" ndifunsa.
"Kuti pamene akudandaula kuti watsala yekha
azimveka ngati ali ndi mnzake."

Masana a Clifford mwana wawo samuzindikira,
amamupatsa moni ngati wodzawerenga mita ya magetsi.
Koma usiku amadziwa pamene gitala alowere.
Gitalayo salongolola:
nsambo imodzi, kuikoka, kuikokabe
mpaka ivomere kuti zikuwawa.
Mavayolini abwera pambuyo pake
ngati azimayi obwera kudzamugwira mapewa.

Ine pamenepa ndimayang'ana pa windo.
Mvula ya kuno yosatha kugwa, yosathanso kukata,
magetsi a ku doko ali psuu.
Ulunji wanga anayamba kuyenda ndili kuno.
Ndinaonera pa foni, netiweki ikudukaduka:
phazi loyamba ndinaliona,
lachitatu ndinaliona,
lachiwiri linatsalira m'mlengalenga.
Woimbayo za Ulunji sakuzidziwa,
akulirira mkazi wina wa zaka makumi anayi zapitazo,
koma pamene liwu lake lisweka pang'ono
n'kudzigwira,
pamenepo ndi panga.

Nyimboyi siitha ayi, imangochoka.
A Clifford aika zala ziwiri pa bulangete
n'kumazitsitsa pang'onopang'ono,
ndipo oimba onse amvera,
achepa, achepa, ngati basi yolowera ku Zalewa.
"Iwo anapitiriza kuimba," anong'ona,
"ndi ine ndinawatsekera chitseko."

Singano yafika pakati, ikungokanda.
Agona, pakamwa pali yasa.
Ndibweza chimbale m'chikuto,
ndiwafunditsa mapazi.

Belu la nambala 9 lalira.
Kumeneko kulibe nyimbo,
kuli nsalu zofunika kusintha ndi mayi wotukwana.
Ndivala magolovesi, ndiima pakhomo,
ndikoka kampweya, kochepa.
Ndikamva.
Sindikadula.